Wotanthauzira Wokhala M'bokosi: Chiyankhulo cha BASIC mu Johannesburg wa Zaka za m'ma 1980

Munthu amene adagula kompyuta ya Commodore 64 mumzinda wa Johannesburg m'chaka cha 1984, nakafika nayo kunyumba ndi kuilumikiza ku wailesi ya kanema, ankalonjeredwa ndi liwu limodzi lachingerezi pagalasi: READY. Pamwamba pa liwulo pankalembedwa kuti malo otsala osungiramo malamulo ndi mabayiti 38911, ndipo pansi pake kachizindikiro kankaphethira, kudikira. Makinawo adali okonzeka kumva, koma sankamva Chizulu, Chisutu, Chiafirikanzi, ngakhalenso Chingerezi chimene anthu ankayankhula m'misewu ya Hillbrow. Ankamva BASIC. Ndipotu kunena kuti ankamva BASIC n'kuphophonya pang'ono, pakuti ubongo wa kompyuta sudziwa liwu lina lililonse, umangodziwa manambala. Pakati pa munthu ndi makina padali wina wachitatu, wosaoneka, amene ankatenga mzere uliwonse wolembedwa ndi munthu nausandutsa malamulo a manambala.

Wachitatuyu ndi pulogalamu imene Achingerezi amaitcha interpreter, dzina lomwelo limene amapatsa wotanthauzira wa m'bwalo la milandu kapena wa pa msonkhano wa chitsitsimutso. Dzinali lidasankhidwa bwino. Wotanthauzira wa m'bwalo amadikira kuti mboni itsirize chiganizo chimodzi, iye n'kuchinena m'chiyankhulo cha woweruza, kenaka n'kudikiranso china. Mboni ikanena zosamveka, iye amaimira pomwepo. Palinso pulogalamu ya mtundu wina, compiler, imene imagwira ntchito ngati womasulira buku: imatenga zolembedwa zonse, n'kuzimasulira kamodzi, n'kupereka buku latsopano limene lingathe kuwerengedwa mwiniwake wa chiyankhulo choyamba kulibe. Zomasuliridwa motere zimayenda mofulumira, koma wophunzira amakonda wotanthauzira, chifukwa amamuyankha nthawi yomweyo ndi kumusonyeza pamene walakwa. Kompyuta yopanda mmodzi mwa awiriwa idali bokosi logontha. Tsono funso lakuti wotanthauzirayo apezeke kuti, ndipo pa mtengo wanji, ndilo lidali khomo la zonse.

Funsoli lidayamba kukangana nalo ndi Amereka. Chiyankhulo cha BASIC chidakonzedwa m'chaka cha 1964 ndi John Kemeny ndi Thomas Kurtz pa koleji ya Dartmouth, ndi cholinga chakuti ophunzira a mbiri yakale ndi a zolembalemba, osati a masamu okha, azitha kulamula kompyuta. Aphunzitsi awiriwa sadachigulitse. Adachisiya kuti chifalikire. Koma pamene kompyuta ya Altair 8800 idatuluka mu January 1975, anyamata awiri, Bill Gates ndi Paul Allen, mothandizidwa ndi Monte Davidoff, adailembera wotanthauzira wa BASIC naikapo mtengo: madola 150 kwa wofuna waung'ono kwambiri pawokha, ndi madola 350 kwa wofuna wamkulu. Pulogalamuyo inkabwera pa kansalu kapepala kobooledwa timabowo, ndipo kansalu kotere sikavuta kukopera. Chaka chisadathe, makope ake adali atayenda dzanja ndi dzanja pakati pa mamembala a Homebrew Computer Club ku California. Mu February 1976 Gates adalemba kalata yapoyera yodandaula kuti mwa eni khumi a Altair, wolipira sankakwana ndi mmodzi yemwe, ndipo adawatcha ena onsewo akuba.

Yankho la anthu okonda makinawo silidali kukana mlandu kokha. Dennis Allison, mphunzitsi wa pa Stanford, adali atafalitsa kale dongosolo la kachiyankhulo kochepetsedwa kotchedwa Tiny BASIC, kokwana m'mabayiti zikwi ziwiri kapena zitatu, napempha aliyense wodziwa kuti akalembere wotanthauzira. Magazini ya Dr. Dobb's Journal idabadwa mu January 1976 makamaka kuti isindikize ntchito zimenezi. Tom Pittman ankagulitsa wotanthauzira wake pa madola 5 okha. Li-Chen Wang adapereka wake ulere, ndipo pamutu pake adalembapo liwu lanthabwala lakuti copyleft, potembenuza liwu la chilamulo lakuti copyright. Patapita zaka liwu lanthabwalalo lidadzakhala dzina la mfundo yeniyeni ya malamulo. Bungwe la Forth Interest Group nalonso lidafalitsa chiyankhulo cha Forth pa mapepala oti munthu akopere yekha.

Chimene chidathetsa mkanganowu kwa wogula wamba si kalata ya Gates kapena kuwolowa manja kwa Wang ayi, koma malonda. Opanga makompyuta adaona kuti bokosi logontha siligulika, motero adayamba kumangirira wotanthauzira m'kati mwenimweni mwa makina, m'kachipangizo kosafufutika kotchedwa ROM. Jack Tramiel wa kampani ya Commodore adagula BASIC ya Microsoft ndi malipiro a kamodzi, amene iye mwini ankati adali madola 25,000, naiika m'makompyuta mamiliyoni ambiri osalipiranso kanthu. Ku Britain, Clive Sinclair adatulutsa ZX81 m'chaka cha 1981 pa mtengo wa mapaundi 69.95, BASIC ili momwemo. Makompyuta amene adafika m'masitolo a ku Johannesburg, a Commodore, a Sinclair ndi a Spectravideo amene adakondedwa kwambiri ku South Africa, adabwera wotanthauzira ali kale m'mimba. Pongoona, funso la mtengo lidali litatha lisadafike n'komwe ku Africa.

Koma mtengo wobisika sukhala kuti wachoka. Makompyuta a m'nyumba a nthawi imeneyo adalibe galasi lawolawo. Ankabwereka la wailesi ya kanema. Dziko la South Africa lidachedwa dala kukhala ndi kanema, chifukwa atsogoleri a chipani cha National, makamaka nduna Albert Hertzog, ankamuona ngati khomo lolowera Chingerezi ndi makhalidwe achilendo. Kanema adayamba kuonetsedwa m'dziko lonse pa 5 January 1976, ndipo njira zoulutsira m'ziyankhulo za anthu akuda zidadza m'chaka cha 1982. Kanema amafuna magetsi, ndipo ntchito yaikulu yolowetsa magetsi m'nyumba za ku Soweto idangoyamba pamene zaka za m'ma 1970 zinkatha. Choncho kuti mwana aone liwu lija lakuti READY, pankafunika nyumba ya magetsi, kanema amene makolo angalole kuti abwerekedwe madzulo, wailesi ya kaseti yosungira zimene walemba, ndi Chingerezi chokwanira kuwerengera buku la malangizo. Mu Johannesburg wa tsankho zinthu zinayizi zidagawidwa motsata khungu, monga momwe adagawidwira madzi, misewu ndi manda. Kwa owerenga a ku Malawi n'kokwanira kukumbukira kuti wailesi ya kanema ya dzikolo idatsegulidwa m'chaka cha 1999.

Chaka cha 1976 chiyenera kuyang'anitsitsidwa. M'miyezi yomweyo imene achinyamata a ku California ankakangana za mtengo wa chiyankhulo cholamulira makina, ana a sukulu a ku Soweto ankakana lamulo la mu 1974 lakuti masamu ndi maphunziro a chikhalidwe cha anthu aziphunzitsidwa m'Chiafirikanzi, chiyankhulo chimene ngakhale aphunzitsi awo ambiri sankachidziwa mokwanira. Pa 16 June adayenda pamsewu ndipo apolisi adawawombera. Nkhani ya tsiku limenelo imakambidwa kawirikawiri ngati ya ndale, ndipo ndi ya ndaledi, koma phata lake lidali funso la chiyankhulo: kodi mwana afike ku masamu kudzera pa khomo la yani? Hendrik Verwoerd, amene adakhazikitsa lamulo la Bantu Education m'chaka cha 1953, amakumbukiridwa kuti adafunsa phindu lophunzitsa masamu mwana wakuda amene sadzawagwiritsa ntchito. Mbadwo umene udaleredwa ndi maphunziro amenewo ndiwo udali pa msinkhu wogula kompyuta pamene makompyuta adafika. Wotanthauzira adali waulere, koma njira yopita kwa iye idali itatchingidwa kale ndi zaka makumi atatu za ndondomeko ya boma.

Tsidya lina la mzindawo zinthu zinkayenda motere. Malinga ndi buku la mbiri ya moyo wake lolembedwa ndi Ashlee Vance, Elon Musk, mnyamata wa ku Pretoria wobadwa mu 1971, adaona kompyuta koyamba m'sitolo ya ku Sandton City, kumpoto kwa Johannesburg, naumiriza kwawo mpaka adamugulira Commodore VIC-20 pamodzi ndi buku lophunzitsa BASIC. M'chaka cha 1984 magazini ya PC and Office Technology idasindikiza kamasewero kake kotchedwa Blastar, kolembedwera makina a Spectravideo, ndipo adalipidwa ndalama zokwana pafupifupi madola 500. Kamaseweroko sikadali kodabwitsa. Achinyamata ambiri a msinkhu wake ankalemba zofanana nako. Phindu la nkhaniyi n'lakuti ikusonyeza mmene mapulogalamu ankayendera nthawi imeneyo: ankayenda ngati zolembedwa. Magazini inkasindikiza mizere yonse, woigula ku CNA ankakhala pansi n'kuikopera chilembo ndi chilembo, madzulo onse, ndipo akaphonya kachizindikiro kamodzi wotanthauzira ankamuimitsa. M'kukopera momwemo ndimo ambiri adaphunzirira chiyankhulocho, monga momwe ana a sukulu za mishoni adaphunzirira kulemba pokopera ndime za m'Baibulo pa sileti.

Wophunzira ziyankhulo sangalephere kuona kanthu kena pa BASIC. Mawu ake ambiri ndi aneni olamula: PRINT, RUN, LIST, STOP, LET, GO TO. Mulibe moni, mulibe kupepesa, mulibe nthawi yakale. Mzinda wa Johannesburg udali nacho kale chiyankhulo cha mtundu umenewu, ndipo Amalawi zikwizikwi amene adapita ku Joni kudzera ku Wenela adachiphunzira pansi pa nthaka. Ndicho Fanakalo, chimene kumpoto kwa Limpopo chimadziwika kuti Chilapalapa, ndipo dzina lake lenilenilo limatanthauza kuti “monga chonchi”. Desmond Cole wa pa yunivesite ya Witwatersrand adawerengera m'chaka cha 1953 kuti mwa mawu ake 100 alionse, pafupifupi 70 adachokera ku Chizulu ndi ziyankhulo zinzake, 24 ku Chingerezi ndi 6 ku Chiafirikanzi. Migodi inkachiphunzitsa ulere kwa wolembedwa ntchito watsopano aliyense, pakuti chidali chiyankhulo chomvera. BASIC ndi chiyankhulo cholamula, ndipo amene ankachiphunzira ankaima pamalo a kapitawo, makina n'kukhala wantchito. Si zodabwitsa kuti ziyankhulo ziwirizi zidagawidwa kwa anthu osiyana.

Chingerezi cha BASIC, komabe, n'chachikopa chabe. M'makina a Sinclair liwu lililonse lolamula lidali ndi batani lake, ndipo m'kati linkasungidwa ngati nambala imodzi. Zilembo P, R, I, N, T zinkaonetsedwa pagalasi kuti zithandize munthu, osati makina. Kukadakhala kotheka, popanda kusintha kagwiridwe ka ntchito, kuika LEMBA m'malo mwa PRINT, PITA m'malo mwa GO TO, ndi NGATI m'malo mwa IF. Afalansa adachitadi zotere ndi chiyankhulo chawo cha LSE chimene adachigwiritsa ntchito m'sukulu. Chimene chidasunga Chingerezi pampando si luso la makina koma msika wa magazini ndi mabuku.

Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 funso la mtengo lidabwereranso, tsopano poyera. Makompyuta a mtundu wa IBM PC adayamba kulowa m'maofesi, ndipo amene adakula ndi BASIC ankafuna ziyankhulo zamphamvu monga Pascal ndi C, zimene sizinkabwera m'mimba mwa makina. Kampani ya Borland idagwedeza msika mu November 1983 potulutsa Turbo Pascal pa madola 49.95, pamene ena ankagulitsa zofanana nazo pa madola mazana angapo. Koma kutchipa kwa ku California sikudali kutchipa kwa ku Commissioner Street. Kumayambiriro kwa 1980 randi imodzi inkagula zoposa dola imodzi. Pambuyo pa mawu a P. W. Botha a pa 15 August 1985, amene dziko lonse linkayembekeza kuti alengeza kusintha koma sadatero, mabanki akunja adakana kukonzanso ngongole, ndipo randi idagwa kufika cha pa masenti 35 a dola. Disiki ya madola 50, imene kumapeto kwa 1983 ikadagulidwa ndi marandi pafupifupi 60, tsopano inkafuna marandi oposa 140, msonkho usadaikidwepo.

Pamwamba pa izi padadza ziletso za malonda. Olimbana ndi tsankho adali atasonyeza kale kuti makompyuta akuluakulu a IBM ndi ICL ankathandiza boma kusunga kaundula wa mitundu ya anthu ndi wa ziphaso zoyendera. Apple idaleka kugulitsa katundu wake ku South Africa mu 1985, Microsoft idadula ubale wake wa malonda mu 1986, ndipo mu October chaka chomwecho IBM idalengeza kuti ikugulitsa nthambi yake kwa mabwana a komweko, amene adapitiriza kugulitsa makina omwewo pansi pa dzina la ISM. Mpata umene udatsala udadzazidwa ndi makompyuta otsanzira IBM ochokera ku Taiwan, dziko limene lidali paubwenzi ndi Pretoria. Kampani ya Mustek, imene David Kan adaikhazikitsa mu 1987 ndipo idadzakhala ndi likulu ku Midrand, idatchuka ndi makina a Mecer. Makina otsanzirawa ankayendera MS-DOS, ndipo pa disiki ya MS-DOS pankapezeka wotanthauzira wina, GW-BASIC, amene kuyambira 1991 adalowedwa m'malo ndi QBasic. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: kwa ophunzira ambiri ndi makalaliki a m'maofesi, chiyankhulo choyamba chidali chimene adachipeza kale pa disiki.

Zina zonse zinkakoperedwa. Lamulo lidalipo, ndipo n'lochititsa chidwi kwa okonda zolembalemba: m'chaka cha 1981, pa mlandu wa Northern Office Micro Computers ndi Rosenstein, bwalo lalikulu la ku Cape lidagamula kuti pulogalamu ya kompyuta ndi ntchito yolembedwa, yotetezedwa ndi lamulo la umwini la 1978 mofanana ndi buku la nthano. Mpaka kusintha kwa lamuloli mu 1992, wolemba pulogalamu ndi mlakatuli adali m'khola limodzi. Koma lamulo loteteza katundu amene mwini wake wakana kukugulitsa silikhala ndi mphamvu pa chikumbumtima cha anthu. Makaseti ankakoperedwa pa mawailesi a makomo awiri, madisiki ankasinthanitsidwa m'magulu a okonda makompyuta ndi m'makonde a mayunivesite. Panalinso njira yovomerezeka, ya mapulogalamu amene eni ake adalola kuti azigawidwa, monga XLISP ya David Betz, ndipo ameneŵa ankayenda pa madisiki otchipa ndi pa makompyuta olumikizidwa ku lamya amene munthu ankaimbira usiku. Ku Johannesburg, bungwe la WorkNet, limene pambuyo pake lidatchedwa SANGONeT, lidayamba mu 1987 kulumikiza mabungwe a apantchito ndi ena otsutsa boma. Ku Grahamstown, komwe tsopano ndi Makhanda, Mike Lawrie ndi anzake a pa yunivesite ya Rhodes adatsegula njira ya makalata kudzera pa FidoNet kupita kunyumba ya Randy Bush ku Portland, ndipo mu November 1991 njira yomweyo idasanduka intaneti yeniyeni.

Koma ntchito yaikulu kwambiri imene BASIC idagwira m'mbiri ya Johannesburg idalembedwa kutali ndi mzindawo, m'kanyumba ka ku London. Tim Jenkin, mzungu wa ku Cape Town, adamangidwa mu 1978 chifukwa chofalitsa timapepala ta ANC ndipo adagamulidwa zaka 12. Mu December 1979 adathawa m'ndende ya Pretoria pamodzi ndi Stephen Lee ndi Alex Moumbaris, atatsegula zitseko ndi makiyi amene adasema pa matabwa. Atafika ku Britain adapatsidwa ntchito yophunzitsa anzake njira zachinsinsi zotumizira mauthenga. Iye adali kulidziwa vutolo ndi thupi lake: kubisa uthenga waufupi ndi pensulo ndi pepala kunkatenga maola, kalata inkayenda masabata, ndipo atsogoleri a ku Lusaka ankalamula nkhondo imene sankaimva. Jenkin sadaphunzire za makompyuta kusukulu. Adagula kakompyuta kotchipa ka Oric, pambuyo pake Commodore 64, nadziphunzitsa BASIC imene adaipeza m'katimo, mothandizana ndi Ronnie Press, katswiri wa sayansi amene adali mmodzi mwa oimbidwa mlandu woukira boma mu 1956 ndipo ankakhala ku Bristol. Wotanthauzira yemwe uja amene ankayendetsa timasewero ta ana a ku Sandton ndiye adakhala mphunzitsi wa wothawa kundende.

Zipatso zake zidaoneka mu 1988, pamene Mac Maharaj ndi Siphiwe Nyanda adalowa mobisa m'dzikomo kukayambitsa Operation Vula, ntchito yobwezera atsogoleri a ANC m'kati mwa South Africa. Kayendedwe ka uthenga kadali kotere. Munthu wa ku Johannesburg kapena ku Durban ankalemba uthenga pa kompyuta ya m'manja. Pulogalamu ya Jenkin inkasakaniza chilembo chilichonse ndi nambala yochokera pa disiki ya kiyi, disiki imene idali ndi mnzake mmodzi yekha, ku London, ndipo gawo la kiyi limene lagwira ntchito linkafufutidwa kuti lisabwerezedwe. Uthenga wosakanizidwawo unkasandutsidwa kulira kwa modemu ndi kujambulidwa pa kawailesi ka kaseti. Kenaka munthuyo ankapita pa lamya ya anthu onse, kutali ndi kumene amagona, n'kuimba nambala ya ku London kumene kudali makina oyankha okha, n'kugunditsa kawailesiko pa cholankhulira. Mphindi zochepa, n'kuchokapo. Jenkin ankabwezera kulirako m'kompyuta yake, n'kumasula uthengawo, n'kuutumiza ku Lusaka, kumene Lucia Raadschelders wa ku Netherlands ankaulandira kuti ukafike kwa Oliver Tambo. Kuimba molunjika kuchokera ku Johannesburg kupita ku Zambia kukadakopa maso a apolisi. Kuimbira ku London kudali chinthu cha tsiku ndi tsiku kwa amalonda.

Makompyuta ndi madisiki a kiyi sakadatha kuyenda pa lamya. Ankalowa m'chikwama cha mayi wina wa ku Netherlands wogwira ntchito m'ndege za KLM, amene adapezedwa ndi Conny Braam wa bungwe lolimbana ndi tsankho la ku Amsterdam, ndipo ankatsikira pa bwalo la ndege la Jan Smuts. Bwalo limenelo kuyambira 2006 limatchedwa O. R. Tambo, dzina la munthu amene ankawerenga mauthengawo. Pofika 1989 njirayi idafika mpaka kwa Nelson Mandela m'ndende ya Victor Verster, kudzera mwa loya wake Ismail Ayob, timapepala titabisidwa m'zikuto za mabuku. Izi zidachitika pa nthawi yovuta zedi, pamene Mandela ankakambirana ndi boma ali yekha ndipo anzake ena ankaopa kuti mwina wagonja. Tsopano iye ndi Tambo adatha kufunsana ndi kuyankhana.

Vula idagwa mu July 1990, ANC italoledwa kale. Charles Ndaba ndi Mbuso Shabalala adagwidwa ku Durban ndipo adaphedwa ndi apolisi. Nyanda, Maharaj, Pravin Gordhan ndi ena adamangidwa. Malinga ndi zimene Jenkin adalemba mu 1995, chimene chidapereka zinsinsi si kufooka kwa pulogalamu koma madisiki amene apolisi adawapeza m'nyumba zobisalamo, ena ali ndi mauthenga amene adasungidwa osabisidwa. Chiyankhulo chimene akatswiri ankachinyoza, chimene Edsger Dijkstra adati chimaononga maganizo a wophunzira, chidapirira apolisi a chitetezo a dziko lokhala ndi makompyuta amphamvu koposa mu Africa. Pano chilungamo chifuna kuti zinenedwe kuti pulogalamu yomaliza ya Vula sidali yodalira wotanthauzira waulere: idalembedwa mu PowerBASIC, yomasulira yogulitsidwa, mdzukulu wa Turbo Basic ya Borland. Waulere uja adali khomo, osati nyumba yonse.

Tsankho litatha, mtengo udasamukira kwina. Ziyankhulo monga Perl ya 1987 ndi Python ya 1991 zidali zaulere kuyambira pa kubadwa, koma zinkakhala pa intaneti, ndipo intaneti ya ku South Africa, pansi pa Telkom yopanda wopikisana naye, idali yodula ndi yochedwa. N'chifukwa chake mu 2004 bungwe la Shuttleworth Foundation lidayamba kuika m'malo opezeka anthu ambiri makina otchedwa Freedom Toaster: munthu ankabwera ndi CD yopanda kanthu, n'kusankha pagalasi, n'kubwerera kwawo ndi Linux pamodzi ndi ziyankhulo zake. Chaka chomwecho Mark Shuttleworth adatulutsa Ubuntu, dzina lachinguni limene Mchewa amalimva ngati umunthu, ndipo mpaka 2011 ma CD ake ankatumizidwa ulere pa positi kwa aliyense wopempha. Microsoft nayo, kampani ya mlembi wa kalata ya 1976 ija, idaika poyera malemba a GW-BASIC mu May 2020.

Malemba a Vula adatsala pang'ono kutayika. Pobwerera kwawo mu 1991, Jenkin adawatsekera m'mafayilo a ZIP okhala ndi mawu achinsinsi. Patapita zaka, atafuna kuwatsegula, adapeza kuti mawuwo adawaiwala. Munthu amene adatsegula zitseko za ndende ya Pretoria ndi makiyi a matabwa adakhala zaka zoposa makumi atatu kunja kwa chitseko chimene adakhoma yekha. Mu 2024 John Graham-Cumming, katswiri wa ku Britain, adagwiritsa ntchito kufooka kwa maloko akale a ZIP kumene Eli Biham ndi Paul Kocher adakufotokoza mu 1994, kwakuti wodziwa zilembo zochepa chabe za m'kati angathe kupeza kiyi wa zonse. Mafayilowo adatseguka, ndipo Jenkin adaika malembawo pa GitHub. Pakati pawo pali RANDOM.BAS, imene inkapanga manambala a pa madisiki a kiyi, ndi TECOD.BAS, imene inkabisa ndi kumasula mauthenga a pakati pa Johannesburg, London ndi Lusaka.